Njinga ya Thonje: Mbiri ya Kupota Ulusi m'Chigwa cha Shire

Kupota thonje ndi ntchito yosandutsa thonje lothyola kumunda kukhala ulusi, pogwiritsa ntchito zala ndi kamtengo kozungulira kamene akale ankakatcha njinga. M'chigwa cha Shire, dera limene lero ndi maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ntchito imeneyi inali ya tsiku ndi tsiku kwa zaka mazana angapo, ndipo nsalu yochokera ku ulusiwo inatchukitsa Amang'anja mpaka kutali m'mbali mwa Zambezi. Masiku ano thonje likulimidwabe ku Ngabu, ku Bangula ndi m'madera ena a m'chigwachi, koma likangothyoledwa limalowa m'matumba, kukwera pasikelo, n'kunyamulidwa pa lole lisanapotedwe ngakhale kaulusi kamodzi. Mwana wa lero akamva mawu akuti njinga amaganiza za kabaza wa pa Nchalo, osadziwa kuti dzinali linalipo kale m'manja mwa azigogo ake njinga yokwera isanafike m'dziko muno.

Nthawi ya machila

Chigwachi n'chotentha, mvula yake ndi yochepa, ndipo nthaka yake yambiri ndi yakuda yamakande. Thonje limakonda malo otere. Amang'anja, amene mfumu yawo yaikulu ndi Lundu, ankalima mapira ndi mchewere kumtunda, chimanga kumadimba, ndipo pambali pa zakudyazo banja lililonse lodzidalira linkakhala ndi kamunda ka thonje. Nsalu imene ankaomba inkatchedwa machila. Inali yokhuthala, yokhakhala pang'ono pakhungu, koma yosatha msanga.

Apwitikizi amene ankakhala ku Sena ndi ku Tete analemba za machila m'zaka za m'ma 1600. Wansembe Manuel Barreto, polemba mu 1667 za maiko a m'mbali mwa Zambezi, anatchula nsalu ya thonjeyi pamodzi ndi minyanga ya njovu ndi chitsulo monga katundu wochokera kumpoto kwa mtsinjewo, kudziko la Amaravi. Machila ankayenda pa bwato ndi pamutu, ndipo ankagulira zinthu zina ngati mmene ndalama ichitira lero. Kulimba kwake n'kumene kunachititsa kuti chonyamulira anthu chija, nsalu yomangirira ku mtengo wautali imene amuna ankasenza pamapewa, chizitchedwanso machila.

M'chigwamo ntchito zinali zogawana. Akazi ankatcheza mchere kuchokera m'dothi la chikungu ndi kuumba mbiya. Amuna ankasodza, kusema mabwato, kuluka maukonde a bwazi, kupota thonje ndi kuomba nsalu. Anthu a kumapiri a Thyolo ndi kumtunda kwina ankatsika ndi makasu osula, n'kubwerera ndi mchere, nsomba zouma ndi nsalu. Kumene thonje linali losowa anthu ankavala chiwondo, nsalu yosula kuchokera ku khungwa la mtengo, motero munthu wovala machila ankaoneka kuti wafunda chinthu chaulemu.

David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 pa sitima yotchedwa Ma Robert, pamodzi ndi John Kirk, anapeza ntchitoyi ili pachimake. M'buku limene iye ndi mbale wake Charles anatulutsa mu 1865 muli nkhani yakuti m'midzi yambiri imene ankalowa ankapeza amuna akuchotsa njere, akupota, kapena akuomba. Anatchulanso mitundu ya thonje malinga ndi mayina a eni dziko. Thonje manga linali lochokera kunja, la ubweya wautali, ndipo chitsamba chake chinkabereka zaka zingapo chisanabzalidwenso. Thonje kaja linali la makolo, la ubweya waufupi womatirira ku njere, koma ambiri ankalikonda chifukwa nsalu yake inali yolimba koposa.

Zipangizo ndi kukonza thonje

Njinga inali chinthu chopepuka chimene mwamuna aliyense ankatha kudzisemera. Inali kamtengo koongoka, kosalala, kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala. Kumutu kwake kunkakhala kokowera ulusi, ndipo chapafupi ndi nsonga imodzi ankaikapo cholemetsa kuti ikazunguzidwa isaime msanga. Cholemetsacho chinkatha kukhala cha mtengo kapena phale losemedwa mozungulira n'kuboola pakati. Mapale oboola otere apezeka ndi akatswiri ofukula zakale ku Mapungubwe, ku Great Zimbabwe ndi ku Ingombe Ilede m'mbali mwa Zambezi, umboni wakuti luso la kupota ndi lakale kwambiri m'chigawo chino cha Africa.

Ntchito inkayamba njinga isanakhudzidwe. Thonje lothyoledwa m'miyezi ya chisanu linkayanikidwa pamkeka kuti liume gwa, n'kulitola zinyalala za masamba. Kenaka pankabwera kuchotsa njere. Ena ankachita ndi zala, njere imodziimodzi. Ena ankaika thonje pa kathabwa n'kugubuduza kachitsulo kozungulira pamwamba pake, njere n'kumathawira kutsogolo ubweya n'kutsalira m'mbuyo. Thonje lochotsa njere linkafumbululidwa mpaka kupepuka ngati thovu, ndipo m'madera ena a m'chigwa cha Zambezi ankagwiritsa ntchito kauta kakang'ono, kumakoka nsinga yake n'kuitaya pakati pa thonjelo kuti ubweya umasuke. Pomaliza ankalikoka pang'onopang'ono kukhala mzere wautali wofewa wosapota.

Apa ndi pamene ana ankayambira. Mnyamata sankapatsidwa njinga tsiku loyamba. Ankakhala pambali pa agogo ake kapena atsibweni ake, kumachotsa njere ndi kufumbulula thonje kwa nthawi yaitali, mpaka zala zake zitadziwa kusiyanitsa thonje louma ndi lachinyontho, lokhwima ndi lanthete. Mmera mpoyamba: thonje lokonzedwa mwaulesi limatulutsa ulusi wa mfundomfundo, ndipo palibe luso la pa njinga limene lingakonze cholakwa chimenecho.

Mmene wophunzira ankayambira

Chinsinsi cha kupota chagona pa chinthu chimodzi. Ubweya wa thonje ndi waufupi, nthawi zambiri masentimita 2 kapena 3 okha, ndipo palibe ulimbo woulumikiza. Chimene chimagwirizitsa tiubweyato ndi kupotana kwake. Kupota kukachepa, ulusi umangosololoka n'kulekana ngati mtanda wa nsima yosapsa. Kukachuluka, ulusi umapiringizika, kuuma, n'kuduka. Wophunzira aliyense amayenda pakati pa maenje awiriwa, ndipo amagwera m'onse awiri asanapeze njira.

Malo ophunzirira anali pabwalo, pamthunzi wa mtengo, nthawi ya dzuwa pamene ntchito ya kumunda yachepa. Mkulu ankakhala pansi atatambasula mwendo umodzi, mzere wa thonje uli kudzanja lamanzere. Ankakola nsonga yake ku njinga, n'kugubuduza njingayo pantchafu ndi chikhatho chamanja, kamodzi kokha koma mwamphamvu. Njinga inkazungulira mwakachetechete, kumveka kaphokoso kochepa ngati kachilombo kouluka patali, uku dzanja lamanzere likukwera m'mwamba ndi kumasula thonje pang'onopang'ono. Ulusi ukatalika kufika pamene mkono ukuthera, ankaimitsa njinga, kukulunga ulusiwo pa kamtengo, n'kuyambiranso. Zonsezi ankachita akukamba milandu ya m'mudzi, maso ali pa anzake.

Kwa wophunzira, zimene mkulu ankachita nthawi imodzi zinkagawidwa pawiri. Choyamba ankazunguza njinga atatsina ulusi ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kuti kupota kuunjikane m'kachigawo kakafupi. Kenaka ankaimitsa njinga, kuipana ndi mawondo, n'kukoka thonje pang'ono kuseri kwa zala zotsinazo mpaka litaonda mofanana. Akatero ankasuntha zala chokwera, ndipo kupota kunkathamangira m'thonje lokokedwalo n'kulisandutsa ulusi m'kuphethira kwa diso. Nthawi imeneyi ndi imene wophunzira aliyense amaikumbukira, pamene chinthu chofewa chimene mphepo ikanaulutsa chilimba mwadzidzidzi pakati pa zala zake.

Zolakwa za oyamba kumene n'zofanana kulikonse. Chachikulu ndi kulekerera kupota kulowa m'thonje losakokedwa. Likatero limamangika, ndipo ngakhale munthu akoke chotani silisololokanso, kufikira atabweza njinga m'mbuyo pang'ono. Chachiwiri ndi kufinya thonje m'dzanja. Kutentha kwa m'chigwa kumatulutsa thukuta m'zikhatho, ndipo thonje lofumbatidwa mwamantha limanyowa n'kuumbika. Akulu ankalangiza kuligwira monga agwirira mwanapiye. Chachitatu ndi kusintha mbali yozunguzira. Njinga iyenera kuzungulira mbali imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa ikabwerera imamasula zimene yapota kale, ulusi n'kuduka, njinga n'kugwera m'fumbi.

Kuduka kwa ulusi sikunali mlandu. Mkulu ankangoti, "Tola, mdzukulu wanga, ulumikize." Polumikiza sankamanga mfundo. Ankamasula nsonga yodukayo kuti ikhale yamanyenje, kuigoneka pa thonje latsopano, n'kuzunguza njinga kuti ziwirizo zilumane. Wophunzira amene wadziwa kulumikiza mosaonetsa chipsera ankayesedwa kuti wayamba kukhwima. Ulusi wake woyamba, wonenepa apa wowonda apo, sunkatayidwa; unkagwira ntchito yomangira, yosokera kapena yotungira mikanda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo luso limeneli linkalowa m'zala mwa kubwereza, masiku ambiri, kufikira manja atayamba kuchita okha mutu uli kwina.

Malinga ndi zimene Livingstone anaona, Amang'anja ankapota kawiri. Ulendo woyamba unkatulutsa ulusi wonenepa wofewa, wonga chingwe cha nyali, umene ankaukulunga kukhala mpira waukulu. Ulendo wachiwiri ankaubwezera pa njinga n'kuupota mwamphamvu kufikira utaonda ndi kulimba. Njira imeneyi ndi yochedwa, koma ndi yoyenera ubweya waufupi ngati wa thonje kaja, ndipo imathandiza wophunzira chifukwa zolakwa za ulendo woyamba zimakonzeka pa wachiwiri. Pofuna chingwe cholimba koposa, ulusi uwiri unkaphatikizidwa n'kupotedwa mobwerera, mbali yosiyana ndi yoyamba ija, kuti uwiriwo ukumbatirane m'malo momasukana.

Kuchokera pa njinga kufika pa nsalu

Choombera nsalu cha Amang'anja chinali chapansi. Ankakhoma zichiri zinayi m'nthaka, kupingasa mitengo iwiri, n'kuyala ulusi kuchokera ku mtengo wina kufika ku unzake. Ulusi wa m'litaliwu unkatchedwa muyalo, ndipo wopingasa unali mtsendero. Woomba ankakhala chonyonyomala, kutukula theka la ulusi woyala, kulowetsa wopingasa, n'kuutsendera ndi thabwa lopyapyala losalala. Kugunda kwa thabwalo, kobwerezabwereza mosafulumira, kunali limodzi mwa maphokoso a mudzi wa m'chigwa, pamodzi ndi mtondo wa mapira ndi nkhafi za asodzi.

Kupota ndiko kunkadya nthawi koposa kuomba. Nsalu imodzi yofunda munthu wamkulu inkafuna mipira yambiri ya ulusi, motero njinga sinkasiyidwa kunyumba. Mwamuna ankapita nayo kubwalo la milandu ndi kocheza, ndipo manja ankagwira ntchito pakamwa pali pa nkhani. N'chifukwa chake nsalu inali chuma. Inkaperekedwa ngati mphatso kwa mafumu, inkalipira milandu, ndipo inkafunditsa maliro. Mpaka lero ku Khulubvi, kachisi wa Mbona m'boma la Nsanje, nsalu yakuda ili ndi malo ake pa miyambo ya pamalopo, chizindikiro cha ulemu umene nsalu inali nawo pakati pa Amang'anja.

Mmene njinga inagwera pansi

Ntchitoyi inayamba kugwedezeka m'zaka za m'ma 1860. Achifwamba ogwira akapolo, monga gulu la Paul Mariano amene anthu ankamutcha Matekenya, anasakaza midzi ya kumunsi kwa chigwa. Mu 1862 ndi 1863 kunagwa chilala ndi njala yoopsa, imene amishoni a UMCA okhala kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, anaiona ndi maso awo. Anthu ochuluka anafa, ena anathawira kuzilumba za m'madambo. Kupota ndi kuomba zimafuna mudzi wokhazikika, munda wosathawidwa ndi akulu okhala ndi nthawi yophunzitsa ana, ndipo zonsezi zinasowa nthawi imodzi. Pambuyo pake Amagololo amene anabwera ndi Livingstone, monga Kasisi, Chipatula, Mlauli, Maseya ndi Katunga, anatenga ulamuliro wa chigawo cha kumtunda kwa chigwachi, moyo wa m'midzi n'kusintha.

Chachiwiri chimene chinagwetsa njinga chinali nsalu ya kunja. Sitima za African Lakes Company, kampani imene inakhazikitsidwa mu 1878 ndipo anthu ankaitcha Mandala, zinkadutsa mu Shire zitadzaza nsalu za m'mafakitale. Amalonda achimwenye anatsegula masitolo ku Chiromo ndi ku Port Herald, kumene lero ndi Nsanje. Nsalu yoyera ya merikani ndi yakuda ya biriwita zinali zopepuka, zosalala, ndipo munthu ankazipeza pogwira ntchito masiku owerengeka, pamene machila ankafuna miyezi. Azungu ankalipira amtengatenga ndi antchito awo ndi nsalu yomweyo. Mnyamata amene akanakhala pansi kuphunzira njinga anayamba kuona kuti njira yachidule yopezera chovala ili kudoko.

Chachitatu chinali thonje lenilenilo. Dziko litakhala pansi pa Britain mu 1891, msonkho wa nyumba unakakamiza anthu kufuna ndalama. Mafakitale a ku Lancashire ankafuna thonje losapota, ndipo bungwe la British Cotton Growing Association, lokhazikitsidwa mu 1902, linalimbikitsa ulimiwu ndi kumanga makina ochotsera njere m'chigwachi. Njanji yochokera ku Port Herald kupita ku Blantyre inatha mu 1908. Boma linayamba kugawa mbewu yakeyake, kukhazikitsa misika, ndi kulamula kuti mapesi a thonje azizulidwa ndi kutenthedwa akatha kukolola pofuna kuchepetsa mbozi. Zitsamba zakale zimene zinkakhala kuseri kwa nyumba chaka ndi chaka zinasowa malo m'dongosolo limeneli. Chigwa cha Shire chinakhala nkhokwe ya thonje la Nyasaland, koma thonjelo linali la sikelo, ndipo dengu lililonse losungidwa kuti lipotedwe linali ndalama ya msonkho yotayika. Asena ambiri amene anasamukira m'chigwachi kuchokera ku Mozambique m'zaka zimenezo anafika thonje litasanduka kale mbewu yogulitsa.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi a Shire anakwera n'kumiza madimba ambiri, ulimi wa thonje wa kumunsi n'kugwa, amuna ochuluka n'kupita kukagwira ntchito kunja. Dziko litalandira ufulu, ulimiwu unadzutsidwanso ndi chitukuko chimene likulu lake linali ku Ngabu kuyambira mu 1968, ndipo ADMARC, yokhazikitsidwa mu 1971, inkagula thonjelo. Kupota kunabwerera m'dziko, koma pa makina a fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1967. Pambuyo pake kaunjika anadzaza misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula, ndipo mtunda wa pakati pa munda wa thonje ndi malaya a mlimi unatalikirako.

Zimene zatsala

Wolemba mbiri Elias Mandala, m'buku lake la 1990 lonena za chigwachi kuyambira 1859 mpaka 1960, anasonyeza mmene ntchito zamanja monga kuomba nsalu ndi kutcheza mchere zinafotera pamene chuma cha m'midzi chinatsamira pa thonje logulitsa. Choombera nsalu cha Amang'anja chimene Livingstone anatenga chikusungidwa ku nyumba ya zakale ku Edinburgh. M'midzi ya m'chigwa, okalamba ambiri a lero anabadwa njinga itasiyidwa kale, ndipo zimene amakamba ndi zimene anamva kwa makolo awo, kapena chithunzi cha nkhalamba imodzi ya m'mudzi imene inkapotabe kaulusi kosokera pamene anzake onse analeka.

Komabe luso la kupota silinachoke lonse m'manja mwa anthu. Mwamuna amene amapota chingwe cha khonje pantchafu kuti amangire mbuzi akutsata lamulo lomwe lija: tizingwe tiwiri topotedwa mbali imodzi, tophatikizidwa mobwerera. Msodzi wa ku Chiromo wokonza ukonde ndi mayi woluka mkeka wa mlaza amadziwa ndi zala zawo kusiyana kwa chokoka bwino ndi chokoka mopitirira. Mawu akuti kupota, kuomba ndi ulusi akadali amoyo m'chinenero, ndipo ambiri amatchula ulusi wosokera kuti thonje.

Wofuna kuphunzira lero ali ndi zonse zofunika pafupi. Kamtengo koongoka ka nsungwi kapena mtengo wina wopepuka, phale loboola pakati, ndi thonje lodzaza manja awiri lochokera m'munda wa pakhomo n'zokwanira. Thonje la makono lili ndi ubweya wautali kuposa thonje kaja, motero silivutitsa kwambiri. Lofunika ndi lakupsa bwino, lothyoledwa mame atauma, ndipo popeza minda ya masiku ano imapoperedwa mankhwala, ndi bwino kuliyanika ndi kulikuntha panja lisanafike m'manja kwa nthawi yaitali. Njinga ikhale yopepuka, chifukwa yolemera imadula ulusi wa thonje usanalimbe. Masitepe ake ndi omwe aja a pabwalo la makolo: kuchotsa njere, kufumbulula, kukoka mzere, kutsina, kuzunguza, kuimitsa, kukoka, kumasula zala, kukulunga. Masiku oyamba amatulutsa ulusi wa mfundo woduka kawirikawiri, ndipo wophunzira amatola njinga m'fumbi kambirimbiri. Akapirira, mpira woyamba wa ulusi wosalala umakwana kusokera thumba long'ambika kapena kutungira mikanda, monga unkachitira ulusi woyamba wa anyamata a kwa Lundu.